Amplidyne ikakana kukhazikika: koyambira musanapotoze resistor

Pa makina olamulidwa ndi amplidyne, jenereta yokulitsa chizindikiro chaching'ono cha magetsi imene imadyetsa field (koyilo ya maginito) ya jenereta yaikulu, vuto limayamba kuonekera pa singano ya mita. Mwaika liwiro la mota pamene mukufuna, kapena volteji ya jenereta yaikulu pamlingo wake, koma singano siikhala phee. Ikwera pang'ono, itsika, ikweranso, ndipo kulira kwa makina kumatsatira singanoyo. Amisiri amati hunting. Pena singano sigwedera koma imatsetsereka: chogwirira cholamulira liwiro chili pa ziro koma mota ikukwawabe, kapena volteji imene inali bwino m'mawa yasuntha pofika masana. Ndiye pamabwera munthu ndi sikuludiraiva, napotoza resistor imodzi, makina nakhala bata masiku angapo. Vuto lija likabweranso, wina apotoza ina. Pakatha chaka palibenso wodziwa pamene opanga makinawo anasiya chilichonse.

Ine ndimaona kuti kupotozako ndiko kumachititsa vutoli kubwerabwera. Ma resistor sasuntha okha. Ngati makina anayenda bwino zaka zambiri ali pamenepo, chasintha ndi china, ndipo kawirikawiri chimakhala pa mabulashi, pa kutentha kwa mkuwa, kapena pa kachipangizo ka feedback (kobwezera m'makina chizindikiro cha zimene zikutuluka) kamene kakalamba. Kuchepetsa gain, mlingo wa kukulitsa kwa makina, kumabisa chizindikiro cha vuto, koma chimene chikuwonongeka chimapitirirabe kuwonongeka.

Zimene zikuchitika m'kati mwake

Amplidyne ndi jenereta ya DC yozunguzidwa pa liwiro losasintha ndi mota ina, nthawi zambiri induction motor ya pa shafiti yomweyo. Mphamvu yonse yotuluka imachokera ku motayo. Chizindikiro chaching'ono cha magetsi chimene mumaipatsa chimangolamula kuchuluka kwake ndi mbali imene ikulowera. Anaikonza ku kampani ya General Electric motsogozedwa ndi Ernst Alexanderson, ndipo anaifotokoza poyera mu 1940. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inkatembenuza mizinga ya pa zombo za America, mfuti za pa ndege ya B-29 ndi ma antenna a radar. Nkhondo itatha inalowa m'mafakitale a zitsulo ndi a mapepala, m'zikepe za m'migodi, m'makina okumba, m'mitu ya sitima ya kampani ya Alco, komanso pa ma exciter (zodyetsa field) a majenereta akuluakulu opangira magetsi. Kuyambira m'ma 1960 ma thyristor, timaswichi ta elektroniki topanda chozungulira, anailanda malo ambiri, koma zotsalazo zikugwirabe ntchito, ndipo anthu ozidziwa bwino akunka nachepa.

Pa commutator yake, mphete ya mipiringidzo ya mkuwa imene mabulashi amakhudza, pali magulu awiri a mabulashi, pamene jenereta wamba imakhala ndi limodzi. Control field, koyilo ya waya woonda wokulungidwa kambirimbiri, imapanga maginito ofooka. Armature, gawo lozungulira la makina, ikamazungulira m'maginito amenewo, pa gulu loyamba la mabulashi pamabadwa volteji yaing'ono, ma volt ochepa chabe. Koma mabulashi amenewa analumikizidwa okhaokha ndi waya wonenepa, shoti yadala, choncho kavolteji kaja kamayendetsa karenti yaikulu m'armature. Karenti imeneyo imapanga maginito akeake amphamvu, opingasana ndi oyamba aja, ndipo maginito achiwiriwa ndiwo amabala volteji yaikulu pa gulu lachiwiri la mabulashi, lopita ku lodi. Kukulitsa kumachitika kawiri m'thupi limodzi. N'chifukwa chake watt imodzi pa control field imatha kulamula ma watt ofika 10,000 kotulukira.

Makinawa ali ndi vuto lobadwa nalo. Karenti ya lodi nayo imadutsa m'armature, ndipo maginito ake amagwera pamzere umodzi ndi control field, motsutsana nayo, komanso ndi aakulu kuiposa kutalitali. Pofuna kuwafafaniza, pa stator, gawo losazungulira, anaika compensating winding yodutsamo karenti ya lodi yomweyo, ndipo pambali pake pali diverter, resistor yopatutsa gawo la karentiyo kuti mlingo wa kufafaniza uthe kusinthidwa. Metadyne ya Joseph Pestarini, imene inayendetsa masitima ena a pansi pa nthaka a London Underground kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndi ya banja lomweli koma yopanda kufafaniza kokwanira, ndipo imasunga karenti m'malo mosunga volteji. Amplidyne imene ikugwa mphamvu lodi ikangokwera yayamba kuchita ngati metadyne.

Makina okulitsa chonchi sasankha chokulitsa. Ali ngati chimkuzamawu, chimene chimakweza kutsokomola kwa wolankhula mofanana ndi mawu ake. Bulashi likadumpha pang'ono, chitsulo chikasunga maginito otsalira, kapena waya ukatentha, zonsezo amazitenga ngati lamulo lochokera kwa inu.

Onani kagwederedwe, kenako dulani feedback

Musanamasule kalikonse, imani kaye muone mmene singano ikugwederera, chifukwa kagwederedwe kake kamaloza kumene muyambire. Kugwedera kosalala, kobwereza mofanana pa sekondi iliyonse kapena masekondi angapo, kumachokera kawirikawiri ku feedback: gain yakwera kapena anti-hunt, chipangizo choletsa kugwedera, yafa. Kunjanja kopanda dongosolo, kodumpha mwadzidzidzi n'kubwerera, n'kwa mabulashi kapena polumikizira pamene pakhwepa. Kugwedera kumene kumafulumira mota yaikulu ikafulumira, n'kuchedwa ikachedwa, kuli ku tachogenerator, kajenereta koyeza liwiro, kapena ku coupling yake. Vuto lobwera pokhapokha lodi ikakwera limaloza ku compensating winding. Ndipo lobwera makina akadali ozizira n'kutha akatentha, kapena mosemphanitsa, ndi nkhani ya resistance ya mkuwa, imene tiiona kutsogoloku.

Kenako muyenera kudziwa ngati wodwala ndi amplidyne yeniyeniyo kapena zozungulira. Njira yake ndi kuiyendetsa payokha. Zimitsani zonse, tsekani swichi yaikulu ndi loko, gwirani buleki ngati makinawo ndi onyamula katundu. Chotsani mawaya otuluka kupita ku field ya jenereta yaikulu, m'malo mwake muike ma resistor otha kunyamula karenti yonse yolembedwa pa chikwangwani cha makina. Chotsani makoyilo onse a control ku zowadyetsa, musiye imodzi yokha imene muidyetse ndi batire kudzera pa resistor yosinthika ndi mita ya ma milliamp. Musayese kudula feedback amplidyne ikadali yolumikizidwa ku jenereta yaikulu: gain yake ndi yaikulu moti volteji imathamangira kumapeto m'kanthawi kochepa, ndipo mota imapita nayo. Musadulenso waya wa field yaikulu karenti ikuyenda, chifukwa koyilo yotere imabweza volteji yokwanira kuboola insulation ndi kuvulaza munthu.

Amplidyne ikakhala bata pa batire, volteji ikutsatira karenti ya control bwinobwino kumbali zonse ziwiri, vuto lili kunja kwake. Ikamanjanjabe pamenepo, tsegulani zivundikiro za commutator.

Mabulashi a shoti

Apa ndi pamene ndimathera nthawi yambiri, ndipo ndi pamene anthu ambiri amadutsa mofulumira. Amayang'ana mabulashi a lodi chifukwa ndiwo amanyamula karenti yaikulu ndi kuthetheka moonekera. Koma amene amalamula gain ndi a shoti aja.

Bulashi la kaboni lililonse limadya volteji pafupifupi volt imodzi pamene likukhudza mkuwa. Pa mabulashi a lodi, pamene pali ma volt 125 kapena 250, volt imodzi si kanthu. Pa mabulashi a shoti volteji yonse imene ilipo ndi ma volt ochepa, ndiye mabulashi awiriwo amadya gawo lalikulu la volteji imeneyo. Kukhudzana kukasintha pang'ono, karenti ya shoti imasintha kwambiri, maginito achiwiri asintha, ndipo volteji yotuluka isintha mofanana. Bulashi limene pa jenereta wamba likanapitirira miyezi ingapo osadandaulitsa munthu, pa amplidyne ndi lokwanira kugwedeza makina onse.

Kokani bulashi lililonse m'chotengera chake n'kulisiya. Liyenera kutsetsereka lokha n'kukagunda commutator mosakakamira. Fumbi la kaboni losakanikirana ndi mafuta ochokera ku bearing limaumira m'chotengera, bulashi n'kumagwira pena, kusiya pena. Yang'anani nkhope yake: iyenera kukhala yosalala, yonyezimira ponseponse. Ngati mbali imodzi yokha ndiyo ikuwala, bulashi silinakhazikike, ndipo pamene likukhudzira pasuntha kuchoka pamene payenera, zomwe n'chimodzimodzi ndi kusuntha mabulashi onse. Yesani masipuling'i ndi sikelo yokoka, osati ndi chala. Pa makina ambiri a DC a m'mafakitale mphamvu yake imakhala cha m'ma 200 g pa sentimita sikweya ya nkhope ya bulashi, koma tsatirani buku la makina anu, ndipo chofunika koposa n'chakuti masipuling'i onse afanane. Sipuling'i imene inatenthapo imafooka ngakhale ikuoneka yabwino. Gwirani kawaya koluka ka bulashi lililonse. Kamene kada kapena kauma kanatentha, ndipo kumeneko resistance yakwera. Mangani bwino mabawuti a waya wa shoti, mutapala kaye dzimbiri.

Mtundu wa kaboni usasinthidwe mwachisawawa. Bulashi lolowa bwino m'chotengera silitanthauza kuti ndi loyenera. Mitundu ya kaboni imadya volteji mosiyana, ndipo yosakaniza ndi mkuwa imadya yochepa kwambiri. Mukaika mtundu wina pa mabulashi a shoti mwasintha gain ya makina onse, ndipo mukasakaniza mitundu iwiri pa commutator imodzi, karenti imathamangira ku amene ali ndi resistance yochepa n'kuwatentha. Vuto likayamba patangopita masiku ochepa chisinthireni mabulashi, funsani kaye nambala imene inalembedwa pa akale.

Commutator yathanzi imakhala ndi kakhungu kofiirira, kofanana kuzungulira konse. Kakhungu kameneko n'kofunika, musakapale kuti mkuwa uwale. Choipa ndi mizere yokumbika, mabanga akuda obwereza pa mipiringidzo yotalikirana mofanana, kapena mica, yolekanitsa mipiringidzo, yotuluka pamwamba pa mkuwa imene imadumphitsa mabulashi. Mica yotere imafuna kukumbidwa. Ikani dial gauge pa commutator n'kuzunguza shafiti ndi dzanja. Ngati siili yozungulira bwino, kapena bearing ili ndi mpata, mabulashi adzadumphabe ngakhale muike masipuling'i atsopano. Pokhazika mabulashi atsopano gwiritsani ntchito sandipepa kapena mwala wake wa commutator, osati emery, chifukwa tizidutswa ta emery timakanirira m'kaboni ndi pakati pa mipiringidzo. Mukatha, chotsani fumbi lonse ndi mpweya wouma, ndipo musiye makina ayende ndi lodi yapakatikati kwa maola angapo musanaweruze chilichonse. Mpweya wozungulira makina nawo uli ndi mbali yake. Nthunzi ya silicone yochokera ku zomatira imadya mabulashi mofulumira m'makina otsekeka, ndipo chlorine kapena hydrogen sulphide ya m'mafakitale a mapepala imawononga kakhungu ka commutator.

Ngati mukufuna kuyeza karenti ya m'shoti, gwiritsani ntchito clamp meter ya DC. Kudula waya n'kuikapo mita kumawonjezera resistance pamalo pamene resistance ndiyo ikulamula zonse, ndipo mudzayeza makina ena osati amene akuvutawo.

Pamene mabulashi aima

Mabulashi onse amakhala pa mphete imodzi yotha kuzungulira pang'ono. Opanga anaika chizindikiro pa mpheteyo ndi pa thupi la makina. Chifunefuneni, nthawi zambiri chinakwiririka ndi penti. Mabulashi a shoti akasunthira mbali imene armature ikuzungulira, gawo la maginito awo limatsutsana ndi control field, gain n'kutsika. Akasunthira mobwerera, gawo lomwelo limathandiza control field, gain n'kukwera, mpaka makina amayamba kudzidyetsa okha ndipo volteji imakwera popanda chizindikiro chilichonse. Kusuntha kochepera mulifupi mwa mpiringidzo umodzi wa commutator n'kokwanira kuchita zimenezi.

Chizindikiro chikasowa, kapena armature ikakhala yokulungidwa mwatsopano, pezani pakati ndi mita. Makina ali chiimire, masulani waya wa shoti, ikani mita ya ma millivolt pa mabulashi awiriwo, kenako muziyatsa ndi kuzimitsa karenti yochepa m'control field. Singano idzagunda nthawi iliyonse. Zunguzani mphete pang'onopang'ono kufikira kugundako kutha kapena kutembenukira mbali ina. Pamenepo ndi pakati. Bwerezani armature itaima pamalo angapo osiyana. Makina ambiri amasiyidwa mabulashi atapitirira pakati pang'ono kulowera mbali ya kuzungulira, kuti asadzidyetse okha. Mukamanga mphete, lembani chizindikiro chatsopano ndi chitsulo chosongoka, ndipo musaiwale kubwezera waya wa shoti.

Diverter ndi kutentha kwa mkuwa

Tsopano, mabulashi ali bwino ndipo aima poyenera, mukhoza kuyang'ana kufafaniza. Siyani makina ayende ndi lodi mpaka atenthe monga amatenthera pa ntchito. Ikani karenti ya control imene ikupereka volteji yake yoyenera popanda lodi, ndipo osaikhudzanso, onjezerani lodi pang'onopang'ono mukulemba volteji. Iyenera kutsika pang'ono, mosalala. Ikagwa kwambiri, kufafaniza kwachepa. Ikakwera pamene lodi ikukwera, kufafaniza kwapitirira, ndipo zimenezo n'zoopsa: karenti yambiri ikubala volteji yambiri, imene ikubalanso karenti yambiri. Clamp meter ya pa waya wa shoti imanena zomwezo mwachangu. Karenti ya shoti ikamatsika pamodzi ndi kukwera kwa lodi, kufafaniza n'kochepa, ikamakwera, kwapitirira.

Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti mlingo umenewu umasuntha ndi kutentha. Resistance ya mkuwa imakwera pafupifupi 0.4 peresenti pa digiri iliyonse ya Celsius, kotero kutentha kwa koyilo kukakwera ndi madigiri 50, resistance yake yakwera ndi 20 peresenti. Diverter inapangidwa ndi chitsulo chosasintha kwenikweni ndi kutentha. Tiyerekeze kuti makina ali ozizira, diverter ikupatutsa gawo limodzi mwa magawo 10 a karenti, koyilo ikutenga 90 peresenti. Akatentha, koyilo idzatenga pafupifupi 88 peresenti. Kusiyana kwa 2 peresenti kukuoneka kochepa, koma ngati maginito a karenti ya lodi akuposa a control field ka 25, ndiye kuti 2 peresenti imeneyo ikufanana ndi theka la chizindikiro chanu chonse. Munthu amene anakankhira diverter pafupi kwambiri ndi kufafaniza kwathunthu makina ali otentha wasiya makina amene m'mawa, ali ozizira, adzakhala opitirira. Ndipo pozizira control field ndi armature nazo zimakhala ndi resistance yochepa, zomwe zimakwezanso gain. Ndiko kumene kumachokera hunting ya m'mawa imene imatha yokha pakapita ola limodzi.

Choncho siyani mpata. Amplidyne iyenera kukhala yofafaniza mochepera pang'ono ngakhale ili yozizira. Feedback idzakonza kutsika kotsalako, ndiyo ntchito yake. Mukasintha diverter, yesaninso tsiku lotsatira musanatenthetse makina. Ndipo musanasinthe, masulani chomangira cha pa diverter muone pansi pake. Chikachita dzimbiri kapena kukhwepa, resistance ya diverter imakwera, karenti yonse n'kulowa m'koyilo, kufafaniza n'kupitirira popanda munthu kukhudzapo. Kupukuta pamenepo n'kumanganso pamalo akale pomwepo nthawi zambiri kumathetsa nkhani yonse.

Ngati vuto ndi losemphanitsa, makina akufooka akatentha kwambiri, onani njira za mpweya ndi fani musanawonjezere kufafaniza.

Mota yokwawa pa ziro

Chitsulo chimasunga maginito pang'ono karenti ikachoka. Pa jenereta wamba zimenezi zimapereka ma volt ochepa osadetsa nkhawa, koma pa amplidyne maginito otsalirawo amakulitsidwa kawiri. Kuti mudziwe ngati ndi amenewo, kwezani volteji mpaka pamwamba kumbali imodzi, bwererani pa ziro, lembani yotsala. Chitaninso chimodzimodzi kumbali inayo. Yotsala ikamatsatira mbali imene mwachokera, ndi maginito otsalira. Ikamakhala mbali imodzimodzi nthawi zonse, pali karenti imene ikulowa m'koyilo ina kuchokera kwina.

Makina ambiri ali ndi killer winding, koyilo yodyetsedwa AC yochepa, kawirikawiri kuchokera ku kajenereta ka maginito kokhala kumapeto kwa shafiti, imene imagwedeza chitsulo kuti chisasunge maginito. Mawaya ake ndi oonda ndipo amaduka mosaonekera. Yezani volteji ya AC pamenepo makina akuyenda, komanso resistance ya koyiloyo ataima. Pa makina a mtundu wa Ward Leonard, njira imene Harry Ward Leonard anaikonza mu 1891, jenereta yaikulu nayo imasunga maginito, ndipo pamakhala kontakita imene pa ziro imalumikiza field ina motsutsana ndi volteji ya jeneretayo kuti iiphe. Amaitcha suicide field. Kontakita imeneyo ikada, mota imakwawa ngakhale amplidyne ilibe mlandu.

Karenti yolowa mozemba imachokera kawirikawiri ku fumbi la kaboni pa bolodi la mawaya. Control field imafuna ma milliamp ochepa, ndiye kanjira ka fumbi pakati pa bawuti la ma volt 250 ndi la control n'kokwanira. Pukutani, kenako yezani insulation ndi megger ya ma volt 500 mutachotsa kaye zonse za ma valve (machubu a elektroniki) kapena ma transistor. Pansi pa megohm imodzi pakufunika kuumitsa ndi kutsuka. Pamene makoyilo awiri otsutsana amadyetsedwa ndi amplifier ya ma valve, yezani karenti ya koyilo iliyonse chizindikiro chili pa ziro. Valve imodzi ikakalamba kuposa inzake, ziro imasuntha. Yezaninso resistance ya makoyilo awiriwo. Yochepa kuposa inzake ili ndi shoti m'kati.

Amplidyne ikakhala yopanda mlandu

Woyamba kumukayikira ndi anti-hunt. Imakhala thiransifoma yaing'ono kapena capacitor yolumikizidwa pakati pa volteji yotuluka ndi koyilo imodzi ya control, ndipo imapereka chizindikiro pokhapokha volteji ikusintha, motsutsana ndi kusinthako. Ikafa, makina amapitirira pamene akupita, n'kubwerera, n'kupitiriranso. Ma capacitor akale amataya mphamvu yawo mwakachetechete, ndipo n'chifukwa chake hunting yamtunduwu imakula pang'onopang'ono kwa miyezi. Chotsani mwendo umodzi muyeze. Capacitor yodontha imachita zosiyana: imalola DC kudutsa, makina n'kukhala aulesi, osasunga liwiro lodi ikasintha. Ngati munthu anagwirapo ntchito pa mawaya posachedwa, onetsetsani kuti mawaya a anti-hunt sanatembenuzidwe, chifukwa yotembenuzidwa imakulitsa kugwedera m'malo mokuletsa.

Tachogenerator ili ndi mabulashi ake ang'onoang'ono amene amaiwalika. Yezani volteji yake poyerekeza ndi ma volt pa 1000 rpm olembedwa pa chikwangwani, mukuyeza liwiro ndi mita ina yapadera. Yofooka imachititsa mota kuthamanga kuposa pamene mwaika, ndipo yamaginito a Alnico imafooka ikamasulidwa n'kutulutsidwa armature popanda chitsulo chosungira maginito. Gwirani shafiti yake makina ataima muipotoze uku ndi uku. Mpata uliwonse wa mu coupling umachedwetsa chizindikiro, ndipo kuchedwa ndiko kumabala hunting. Waya wa tacho ukaduka, makina amaona ngati mota yaima ndipo amaipatsa mphamvu yonse, choncho yesani chotetezera liwiro musanayatsenso. Chimodzimodzi ndi relay yoyang'anira field ya mota yaikulu.

Mota yozunguza amplidyne isaiwalike. Popeza kukulitsa kumachitika kawiri ndipo konse kumadalira liwiro, liwiro likatsika ndi 5 peresenti volteji imatsika pafupifupi 10 peresenti. Makina opangidwira magetsi a 60 Hz akaikidwa pa 50 Hz amataya pafupifupi magawo atatu mwa 10 a gain yawo. Yezani karenti ya ma phase onse atatu, ndipo ngati pali lamba, onani ngati sakuterereka.

Mukabwezera zonse, sunthani chogwirira pang'ono mwadzidzidzi muone singano. Kupitirira kamodzi kapena kawiri n'kukhala bata n'kwabwino. Apa mpamene resistor ya gain ingakhudzidwe, imodzi pa nthawi, mutalemba pamene inali ndi pamene mwaisiya, ndi kutentha kwa makina pa nthawiyo.

Ngati makina anu ndi Rototrol ya Westinghouse kapena Regulex ya Allis-Chalmers, mabulashi a shoti mulibe. Zimenezi zimakulitsa pogwiritsa ntchito field yodzidyetsa yokha, imene resistance yake anaiika pafupi kwambiri ndi pamene jenereta ingayambe kudzikwezera volteji. Pamenepo resistor ya tuning imachita zimene diverter imachita pa amplidyne, ndipo kutentha kwa mkuwa kumaisuntha mofananamo: pozizira resistance imatsika, makina n'kuyandikira kudzidyetsa, potentha amafooka. Zonse za commutator, anti-hunt ndi tacho zimagwiranso ntchito pamenepo.

Zonsezi zikalephera, chatsala ndi armature. Yendetsani karenti yochepa ya DC pakati pa mabulashi awiri oyang'anizana, muyeze ma millivolt pakati pa mpiringidzo uliwonse ndi woyandikana nawo kuzungulira commutator yonse. Potsika kwambiri pali shoti m'koyilo, pokwera kwambiri pali waya wosweka kapena mtovu wosungunuka pamene waya walowera m'mpiringidzo. Wokulunga mwatsopano apatsidwe chenjezo lakuti asasinthe chiwerengero cha mizungulo ngakhale pang'ono, chifukwa compensating winding inawerengedwera armature yakaleyo.

Ena pamenepa amasankha kuchotsa amplidyne n'kuika ma thyristor, ndipo nthawi zambiri ndi chisankho chabwino, makamaka mabulashi oyenera akasowa. Koma amplidyne imapereka karenti kumbali zonse ziwiri, imadutsa pa ziro mosalala, ndiponso imatha kulandira mphamvu yobwerera kuchokera ku field n'kuibweza kudzera pa mota yake. Bridge imodzi ya ma thyristor imatembenuza volteji koma siitembenuza karenti. Pamene jenereta yaikulu imafunika kusintha mbali, pamafunika ma bridge awiri oyang'anizana, ndipo volteji yake ikhale yoposa imene field imafuna ikakhazikika, chifukwa amplidyne inkakankha field ndi volteji yowonjezera kuti isinthe msanga. Muyeze volteji yapamwamba imene amplidyne imafika pamene mota ikunyamuka ndi pamene ikubwerera, makina akale asanachotsedwe, ndipo nambala imeneyo muipereke kwa amene akusankha chipangizo chatsopano.